"5000" kuphatikiza 3000 ikatuluka 50003000: tikambirane za static ndi dynamic typing

Lero ndikufuna tikambirane nkhani imene imayambanitsa anthu olemba mapulogalamu a pakompyuta kulikonse padziko, ndipo ngakhale mu kalabu yathu ino yayamba kale kutentha. Ena mwa inu mwaikonda Python, mukuti Java ndi yotopetsa, mizere yambirimbiri kuti mungolemba moni pa sikirini. Enanso mukuti Python ndi ya ongoyamba kumene, munthu wofuna ntchito yeniyeni aphunzire Java kapena Kotlin. Pansi pa mkangano umenewu pali funso limodzi: kodi kompyuta izindikire liti kuti mwasakaniza zinthu zosayenera kusakanizidwa? Pulogalamu isanayambe kugwira ntchito, kapena ikugwira kale? Chiyankhulo chikamafufuza isanayambe, timati ndi cha static typing. Chikamadikira kuti mzerewo ufikidwe kaye pulogalamu ikuyenda, timati ndi cha dynamic typing.

Tiyambe ndi liwu lakuti type, pa Chichewa tingoti mtundu. Kompyuta m'kati mwake imangodziwa 0 ndi 1 basi. Mndandanda umodzimodzi wa ma 0 ndi ma 1 ukhoza kutanthauza nambala 65, ukhozanso kutanthauza chilembo A. Chimene chimauza kompyuta kuti apa werenga ngati nambala, apa werenga ngati chilembo, ndi mtunduwo. Mtundu umanenanso zimene zili zololedwa kuchita ndi chinthucho. Nambala ziwiri mukhoza kuziphatikiza, kuzichotsera, kuzigawa. Mawu awiri mukhoza kuwalumikiza, koma kugawa dzina la munthu ndi 4 sikumveka. Mitundu imene muzikumana nayo tsiku lililonse ndi nambala yathunthu imene amaitcha int, nambala ya kadontho imene amaitcha float, mawu amene amawatcha string, ndi yankho la inde kapena ayi limene amalitcha boolean.

Nambala ya foni ndi chitsanzo chabwino. Manambala athu amayamba ndi 0, kaya ndi 099 kaya ndi 088. Ambiri munayesapo kulemba manambala a foni mu Excel n'kuona 0 woyambirira uja atasowa. Excel inaona manambala okhaokha, inaganiza kuti ndi nambala yowerengera, ndipo pa masamu 0 wakutsogolo alibe ntchito. Koma ndani anaphatikizapo nambala ya foni ya amayi ake ndi ya abambo ake kuti apeze yankho? Nambala ya foni ndi dzina lolembedwa ndi manambala, choncho mtundu wake ndi string. Mwaona kuti kusankha mtundu kumafuna kuti muyambe mwamvetsa chinthucho, osangoyang'ana maonekedwe ake.

Kuti kusiyana kwa njira ziwirizi kumveke, ganizani za mabotolo kukhitchini. Pa static typing, botolo lililonse limalembedwa dzina lisanathiridwe kanthu: ili ndi la mafuta ophikira, ili ndi la palafini. Pali mlonda amene amayang'ana ndondomeko yanu yonse yophikira musanakoleze moto, akaona pena pake mwalemba kuti muthira palafini m'botolo la mafuta amakuletsani pompo. Mlonda ameneyu ndi compiler, kapena pulogalamu ina yofufuza mitundu. Pa dynamic typing botolo lilibe dzina la mtundu. Lero muthiramo mafuta, mawa palafini, palibe woletsa. Chimene chili m'katimo chimadziwika mtundu wake bwinobwino, koma chimanunkhizidwa pa nthawi imene mukuthira mu poto. Mawu oti mu Python mulibe mitundu si oona. Mitundu ilimo, kungoti imamatidwa pa chinthucho, pomwe mu Java imamatidwanso pa botolo.

Tsopano tiyerekeze ntchito imene ambiri mwa inu mukhoza kupemphedwa kuchita: kapulogalamu kosungira mbiri ya ndalama za banki mkhonde. Mayi wina ali ndi K3,000 m'buku, lero waponya K5,000. Mlembi walemba 5000 m'kabokosi ka pa webusaiti imene mwapanga ndi JavaScript. Chimene ambiri sadziwa poyamba n'chakuti chilichonse chochokera m'kabokosi kotere chimafika ngati mawu, ngakhale munthu walemba manambala okhaokha. Ndiye pulogalamu yanu ikuchita izi:

"5000" + 3000

JavaScript siidandaula. Iona kuti mbali imodzi ndi mawu, isandutsa 3000 kukhalanso mawu, n'kuzilumikiza. Yankho ndi "50003000". Mayi uja pa sikirini ali ndi ndalama zoposa 50 miliyoni kwacha. Chodabwitsa n'chakuti mukalemba "5000" - 3000, JavaScript yomweyo isandutsa mawu aja kukhala nambala n'kukupatsani 2000, yankho lolondola. Ndiye mukayesa kuchotsera kokha muganiza kuti zonse zili bho. Cholakwika cha 50 miliyoni n'chosavuta kuchiona. Choopsa ndi chija chimene chimatulutsa nambala yooneka ngati yoona, chifukwa pamenepo anthu sakayikira kompyuta, amakayikira msungichuma. Kumudzi munthu akangotchedwa wakuba kamodzi, dzinalo silichoka msanga.

Python ikakumana ndi mzere womwewu imaima n'kutulutsa uthenga wa TypeError, kukuuzani kuti mawu ndi nambala siziphatikizika. Apa pali phunziro limene anthu ambiri amasokoneza. Python ndi JavaScript zonse ndi za dynamic, zonse zimafufuza pulogalamu ikuyenda. Kusiyana kwake n'kwakuti JavaScript imakonda kukuganizirani n'kusintha mitundu mwakachetechete, pomwe Python nthawi zambiri imakana. Nkhani imeneyi amaitcha weak ndi strong typing, ndipo ndi yosiyana ndi ya static ndi dynamic. Funso la static ndi dynamic ndi lakuti kufufuza kuchitike liti. Funso la weak ndi strong ndi lakuti chiyankhulocho chimalekerera zochuluka bwanji. C, mwachitsanzo, ndi ya static, koma imakulolani kuchita zinthu zoopsa zedi ndi mitundu ngati mwaumirira.

Kuganizirana kwa mwakachetechete kumeneku kunavutitsapo ngakhale akatswiri a sayansi. Ma gene a m'thupi la munthu ali ndi mayina achidule, ndipo ena anali ngati MARCH1 ndi SEPT2. Mukalemba mayina amenewa mu Excel, iyo imaganiza kuti ndi masiku a pa kalendala, n'kuwasandutsa 1 March ndi 2 September. Kafukufuku wina wa mu 2016 anapeza kuti pafupifupi pepala limodzi mwa mapepala asanu alionse a sayansi amene anali ndi mndandanda wa ma gene mu Excel linali ndi vuto limeneli. Pofika mu 2020 komiti yopereka mayina a ma gene inali itangosintha mayinawo, MARCH1 n'kukhala MARCHF1. Tangoganizani, anthu kusintha mayina a zinthu za m'thupi chifukwa pulogalamu ikuganiza molakwika za mtundu.

Koma a Python musanyadire msanga. Lembani "5000" * 3 muone. Python siikana, ikupatsani "500050005000", chifukwa kwa iyo kuchulukitsa mawu ndi nambala kumatanthauza kubwereza mawuwo. Komanso ngakhale pamene imakana, imakana mochedwa. Tibwerere ku banki mkhonde ija. Pulogalamu yanu ili ndi gawo lolandira masheya, limene limagwira ntchito sabata iliyonse, ndi gawo lowerengera chiwongoladzanja pa tsiku logawana, limene limagwira ntchito kamodzi pachaka. Ngati cholakwika cha mtundu chili m'gawo lachiwirili, Python siiona kanthu miyezi yonseyo, chifukwa mzerewo sunafikidwe. Chidzaonekera tsiku logawana, anthu makumi awiri atakhala pa mphasa akudikira ndalama za feteleza ndi fizi, inu mwagwira laputopu thukuta lili kamukamu. Uwu ndiye mtengo weniweni wa dynamic typing: cholakwika chimasankha chokha tsiku lotulukira.

Mu Java nkhani imayenda mwina. Mumalemba chonchi:

int ndalama = 5000;

Mwalonjeza kuti botolo lotchedwa ndalama lizisunga nambala yathunthu. Mukadzalemba pena pake ndalama = "zikwi zisanu", compiler ikana kumanga pulogalamu yonse, ngakhale mzerewo uli m'gawo limene limagwira ntchito kamodzi pachaka. Imayang'ana njira zonse, zodutsidwa kawirikawiri ndi zosadutsidwa zomwe. Ndinene chilungamo apa: Java nayonso mukaipatsa "5000" + 3000 imalumikiza n'kutulutsa "50003000". Kusiyana kwake n'kwakuti imadziwa kuti yankholo ndi string, ndiye mukangoyesa kuliika m'botolo la int imakugwirani dzanja musanatumize pulogalamuyo kwa aliyense.

Mkangano umenewu ndi wakale kuposa ufulu wa dziko lathu wa 1964. Fortran inatuluka ku IBM mu 1957 motsogozedwa ndi John Backus, ndipo mitundu yake inkadziwika pulogalamu isanayende. Inali ndi lamulo loseketsa lakuti dzina loyamba ndi chilembo cha pakati pa I ndi N ndi la nambala yathunthu. Chaka chotsatira, mu 1958, John McCarthy anayambitsa Lisp ku MIT, imene inkayang'ana mitundu pulogalamu ikuyenda. Mibadwo ya ziyankhulo yakhala ikutsata mizere iwiriyi. C ya Dennis Ritchie kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Java mu 1995, Go mu 2009 ndi Rust zili mbali imodzi. Python ya Guido van Rossum mu 1991, Ruby, PHP ndi JavaScript imene Brendan Eich analemba mu 1995 zili mbali inayo. Zaka zoposa 60 zadutsa palibe mbali imene yafa. Zimenezi zokha zikutiuza kuti mbali iliyonse ili ndi chimene ikugwira bwino.

Ndiye tiyeni tiipatse dynamic typing mpata iyankhule. Choyamba ndi liwiro loyambira. Mumatsegula Python, kulemba mzere umodzi, yankho pompo. Kwa munthu amene akuphunzira, kuona zotsatira msanga n'kumene kumam'sunga kuti asagwe ulesi sabata yachiwiri. Chachiwiri, pali ntchito zimene simudziwa maonekedwe a zinthu mpaka mutazitsegula. Wina wakupatsani fayilo ya zotsatira za kafukufuku wa m'midzi, mizere ina ili ndi mipata, ina yalembedwa mosiyana. Pamenepo mumafuna kuyesa ichi, kuyesa icho, osayamba mwalongosolera compiler zinthu zimene inu eni simunazimvetse. N'chifukwa chake anthu osanthula deta ndi opanga nzeru zamakono za AI amakonda Python. Chachitatu, nkhani yoti dynamic ndi ya tinthu ting'onoting'ono si yoona. Instagram, imene ambiri muli nayo m'mafoni mwanu, mbali yake yaikulu ya ku seva inamangidwa ndi Python.

Pali ufulu winanso umene a dynamic amaukonda, umene amautcha duck typing. Ganizo lake n'lakuti ngati chinthu chikuyenda ngati bakha, chikuliranso ngati bakha, tichitenge ngati bakha osafunsa mtundu wa makolo ake. Mukalemba function yosindikiza lisiti imene imangofuna chinthu chokhala ndi dzina ndi mtengo, ilandira thumba la chimanga, ilandira yuniti ya magetsi, ilandira chilichonse chimene chili ndi ziwirizo, popanda kulembetsa kaye kuti zinthuzi ndi za banja limodzi.

Tsopano static iyankhe. Phindu lake limakula pamene pulogalamu ikukula ndiponso pamene anthu olemba akuchuluka. Mukakhala nokha ndi mizere 80, zonse zili m'mutu mwanu. Mukakhala anthu asanu ndi mizere zikwi makumi awiri, wina analemba function miyezi isanu ndi umodzi yapitayo, pano anapita ku Johannesburg ndipo foni sakuyankha, funso loyamba limakhala lakuti function imeneyi imalandira chiyani ndipo imabweza chiyani. Mitundu yolembedwa imayankha funsoli, ndipo siingakhale yabodza ngati ndemanga za m'mbali zimene anthu amaiwala kukonza, chifukwa compiler imaiyang'ana nthawi zonse. Mukasintha dzina la chinthu kapena maonekedwe ake, compiler ikupatsani mndandanda wa malo onse amene akhudzidwa. Pulogalamu yolemberamo khodi nayo imatha kukuthandizani bwino: mukangolemba kadontho, ikuonetsani zimene chinthucho chingachite. Komanso compiler ikadziwiratu mitundu imatha kupanga pulogalamu yothamanga kwambiri, chifukwa siyifunikanso kunthunkhiza botolo pa mzere uliwonse.

Dandaulo lakuti static imalembetsa zambiri linali loona kale, lero latsala pang'ono chabe. M'zaka za m'ma 1970 ku Edinburgh, Robin Milner anapanga chiyankhulo cha ML chimene compiler yake inkatha kudzipezera yokha mitundu poyang'ana m'mene zinthu zikugwiritsidwira ntchito. Njirayi amaitcha type inference, ndipo lero ili paliponse. Mu Kotlin mumangolemba:

val ndalama = 5000

Simunatchule int paliponse, koma compiler yadziwa, ndipo ikuletsani mukadzafuna kuchita nayo zosayenera. Java nayo inalandira liwu la var mu 2018. Choncho amene mumathawa static chifukwa choopa kutaipa, chifukwa chimenecho chikutha mphamvu.

Pali cholakwika chimodzi chimene chimagwetsa mapulogalamu ambiri kuposa kusakaniza mawu ndi manambala: kupanda kanthu. Mwafunsa pulogalamu kuti ikupatseni membala nambala 27, koma membala wotero kulibe. Java ikubwezerani null, Python ikubwezerani None, ndipo mzere wotsatira ukafunsa dzina la membalayo pulogalamu igwa. Tony Hoare, amene anabweretsa null mu 1965, anadzapepesa poyera mu 2009, n'kunena kuti cholakwikacho chawonongetsa ndalama zokwana biliyoni ya madola. Apa Java yakale siikutetezani ngakhale ndi ya static. Ziyankhulo zatsopano monga Kotlin, Swift, Rust ndi Dart ya masiku ano zinaika nkhaniyi m'kati mwa mitundu. Mu Kotlin, String ndi mawu amene alipo ndithu, pomwe String? ndi mawu amene mwina kulibe, ndipo compiler siikulolani kugwiritsa ntchito yachiwiriyi musananene chochita akapanda kupezeka. Amene mukufuna kupanga ma app a Android muidziwe Kotlin, chifukwa kuyambira 2019 Google imailimbikitsa ngati chiyankhulo choyamba pa ntchitoyi.

Koma musatuluke muno mukuganiza kuti compiler ikavomera ndiye kuti pulogalamu ndi yolondola. Pa 4 June 1996, roketi ya ku Ulaya yotchedwa Ariane 5 inanyamuka koyamba ku Kourou, ku French Guiana. Patangotha masekondi pafupifupi 40 inapatuka panjira n'kuphulika, pamodzi ndi masetilaiti anayi amene inanyamula. Pulogalamu yake inalembedwa mu Ada, chiyankhulo cha static chokhwima malamulo kwambiri. Chinachitika n'chakuti nambala ya kadontho ya ma bit 64 inkasandutsidwa kukhala nambala yathunthu ya ma bit 16, imene siingapitirire 32,767. Khodiyo inachokera ku roketi yakale ya Ariane 4, kumene nambalayo sinkafika pamenepo. Ariane 5 inkathamanga mosiyana, nambala inasefukira. Mitundu yonse inali yolembedwa bwino, koma kukula kwa nambala kumadziwika roketi ili m'mwamba.

Chitsanzo china ndi Mars Climate Orbiter ya NASA, imene inatayika pa 23 September 1999 itafika ku Mars. Pulogalamu ina inkatulutsa manambala a mphamvu m'miyezo ya mapaundi, ina inkawalandira ngati kuti ali m'miyezo ya ma newton. Kwa kompyuta zonse zinali nambala za kadontho, mtundu umodzi, palibe chodandaula. Zili ngati wina akuwerenga chimanga m'ndowa, mnzake akulemba m'buku ngati makilogalamu. Phunziro lake kwa ife n'lakuti mitundu imakutetezani pa zokhazo zimene mwaiuza. Ngati pulogalamu yanu ikugwira makwacha ndi madola, zonse n'kuziika ngati int, palibe compiler imene ingakuletseni kuziphatikiza. Mukapanga mtundu wanu wotchedwa Kwacha ndi wina wotchedwa Dola, pamenepo mlonda uja wapeza chogwirira ntchito.

Chimene chachitika m'zaka zaposachedwa n'chakuti mbali ziwirizi zayamba kubwerekana zida. Mu 2012 Microsoft inatulutsa TypeScript, motsogozedwa ndi Anders Hejlsberg, imene ndi JavaScript yowonjezeredwa mitundu. Mu 2014 Facebook inatulutsa Hack, yochokera ku PHP, pa chifukwa chomwecho. Python 3.5 ya mu 2015 inabweretsa ma type hint, ndipo pali chida chotchedwa mypy, choyambitsidwa ndi Jukka Lehtosalo, chimene chimawafufuza pulogalamu isanayende. Kampani ya Dropbox inalengeza mu 2019 kuti inali itafika pa mizere pafupifupi 4 miliyoni ya Python yofufuzidwa mitundu. Mbali inayo nayo inabwereka: C# inalandira liwu la dynamic mu 2010 kuti pena munthu azitha kuuza compiler kuti apa ndisiye. Onani njira imene makampani aja anayenda. Anayamba ndi dynamic kuti athamange, atakula anawonjezera mitundu pang'onopang'ono. Mu Python zimaoneka chonchi:

def phatikiza(kale: int, lero: int) -> int:
    return kale + lero

Apa pali msampha umene ndikufuna aliyense aumve. Python yokha siyiyang'ana ma hint amenewa pulogalamu ikuyenda. Mukapatsa function imeneyi mawu awiri, "5000" ndi "3000", iwalumikiza osadandaula. Ma hint amagwira ntchito pokhapokha mwayendetsa mypy kapena chida china chofanana nacho. TypeScript nayonso mitundu yake imafufutidwa khodi ikasandutsidwa JavaScript. Ndipo palibe chiyankhulo, kaya cha static chotani, chimene chingadziwiretu zimene mlembi wa gulu adzalembe m'kabokosi Lachinayi likudzali. Mwina adzalemba 5,000 ndi kakoma, mwina K5000, mwina 5OOO ndi chilembo O m'malo mwa 0. Chilichonse chochokera kunja, kaya ndi fomu, kaya ndi fayilo, kaya ndi uthenga wa USSD, muchiyang'ane pakhomo pomwe, muchisandutse mtundu woyenera, chikakanika mum'bwezere munthuyo uthenga womveka. Ntchito imeneyi ndi yanu, m'chiyankhulo chilichonse.

Ndiye tisankhe chiyani? Maganizo anga ndi awa, ndipo muli ndi ufulu wonditsutsa tikamaliza. Ngati mukuyamba kumene, yambani ndi Python kapena JavaScript. Zimayenda ngakhale pa laputopu yakale, JavaScript ili kale mu browser iliyonse, pomwe zida zina monga Android Studio zimalemera ndipo kuzitsitsa kumadya bandulo. Phunzirani kaye kuganiza ngati wolemba mapulogalamu. Koma zinthu zitatu izi, chimodzi chikangochitika, yambani kulemba mitundu: munthu wachiwiri walowa mu projekiti, pulogalamuyo ikhala ikugwira ntchito kupitirira miyezi ingapo, kapena ikugwira ndalama kaya mbiri ya umoyo wa anthu. Ndipo chaka chanu choyamba chisathe musanalawe chiyankhulo chimodzi cha static, kaya Kotlin, kaya Java, kaya Go, kaya TypeScript. Compiler idzakukanani kambirimbiri, mudzakwiya, koma mukadzabwerera ku Python mudzapeza kuti mwayamba kudzifunsa nokha kuti kodi botolo ili muli chiyani. Amene munayamba ndi Java, inunso lawani Python muone m'mene ganizo limasandukira pulogalamu madzulo amodzi.

Walira mvula walira matope. Mukasankha dynamic mwasankha ufulu, ndipo matope ake ndi akuti muyenera kulemba mayeso ambiri, ma test amene amadutsa m'gawo lililonse la pulogalamu kuphatikizapo lija la kamodzi pachaka. Mukasankha static mwasankha mlonda, ndipo matope ake ndi akuti nthawi zina adzakana khodi imene inu mukudziwa kuti ikanayenda bwino, ndipo mudzataya nthawi kumufotokozera. Mayeso amafunikabe ngakhale kumeneko, chifukwa compiler siidziwa kuti chiwongoladzanja cha gulu lanu ndi 20 pa 100 osati 2 pa 100. Zonse ziwiri ndi manambala abwinobwino kwa iyo.

Pa ndalama ndiwonjezere lamulo limodzi. Musasunge ndalama mu float. Lembani 0.1 + 0.2 mu Python kapena JavaScript, yankho lituluka 0.30000000000000004, chifukwa kompyuta siitha kusunga manambala ena a kadontho ndendende pogwiritsa ntchito 0 ndi 1. Kachidutswa kameneka kakabwerezedwa kambiri, buku ndi bokosi la ndalama zimayamba kusiyana. Sungani ndalama ngati nambala yathunthu ya matambala, kwacha imodzi kukhala 100, kapena gwiritsani ntchito mtundu wa Decimal umene Python ili nawo kale.

Ntchito ya sabata ino ndi iyi. Amene muli ndi kompyuta, tsegulani browser, dinani F12, pitani pa Console, mulembe "5000" + 3000, kenako "5000" - 3000, kenako "5000" * 3. Mizere yomweyo mukailembenso mu Python, mulembe pa pepala zimene zatuluka mbali zonse. Kenako tengani kapulogalamu kalikonse kamene munalemba kale, muike ma type hint pa ma function ake, mutsitse mypy ndi pip install mypy, muone zimene ikupezereni. Amene mulibe kompyuta khalani awiriawiri ndi amene ali nayo, ndipo amene muli nayo musadikire kupemphedwa. Tikadzakumananso tidzagawana magulu awiri, lina lidzalemba gawo logawa ndalama za banki mkhonde mu Python, lina mu Kotlin, kenako tidzasinthana kuti gulu lililonse liyese kugwetsa pulogalamu ya anzawo ndi zinthu zolembedwa molakwika. Bwerani ndi zitsanzo zoipa kwambiri zimene mungaganize.